Digiri ya Zamalonda Iyambe Yayesedwa pa Sikelo

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi mumamveka nthungululu. Madzulo a tsiku lomwelo atate a mwana amakwera paculu kufuna netiweki, naimbira mlamu wao wa ku Kanyama kapena mlongo wao wa ku Mtendere kuti akonze pogona, pakuti mwana wakhoza ndipo abwera ku Lusaka kudzaphunzira. Akafunsidwa cimene mwanayo adzaphunzira, mabanja ambiri amayankha kuti zamalonda. Dzinalo limakoma m'makutu, cifukwa mwa ilo mumamveka ofesi, galimoto ndi ndalama.

Cimwemwe cotere n'coyenera ndithu. Koma pa bwalo limenelo pali mafunso amene kawirikawiri amasowa wowafunsa. Maphunzirowa adzadya ndalama zingati? Adzalipira ndani? Nanga malipiro amene mwana adzalandira akatsiriza adzakwanira kubweza? Mlimi sagula ng'ombe asanaiyang'ane mano, ndiponso satenga feteleza wa nkhongole asanayerekeze matumba amene munda wake ungatulutse. Digiri ya zamalonda nayonso iyenera kuikidwa pa sikelo, mbali ino nkhongole, mbali inayo malipiro, mwana asanalembe dzina lake pa pepala lililonse.

Akuluakulu akamasiya kufunsa mafunsowa ali ndi cifukwa cao. Iwo akumbukira nthawi imene digiri inali yosowa. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, eni dziko amene anali ndi madigiri anali pafupifupi 100 cabe. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Mu 1968 ku Mulungushi, ndiponso mu 1969 ku Matero, Mtsogoleri Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma litenga gawo lalikulu m'makampani ndi m'migodi. Makampani a pansi pa INDECO ndi ZIMCO anafuna mamanijala ndi owerengera ndalama acizambia, ndipo anthu otere anali ocepa. Wophunzira anali kuthandizidwa ndi Boma popanda kubweza, ndipo nchito inali kumudikira, nthawi zina pamodzi ndi nyumba. Amene anaona zimenezi ndi maso ao sangadzudzulidwe akamakhulupirira kuti digiri imadzilipira yokha.

Nyengo imeneyo inapita. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo cuma ca dziko cinafooka. Kuyambira mu 1992 makampani a Boma anayamba kugulitsidwa, ena anatsekedwa, ndipo anthu ambiri anacotsedwa nchito. Mu 2004 thandizo la ophunzira a m'mayunivesiti a Boma linasandulika nkhongole. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lochedwa Higher Education Loans and Scholarships Board, kapena HELSB mwacidule, m'malo mwa Bursaries Committee imene inalipo kuyambira mu 1973. Mu 2018 bungweli linayamba kutolera ndalama kwa onse amene anathandizidwa kuyambira mu 2004. Ambiri amene anayesa kuti nkhaniyo inaiwalika anadzidzimuka poona malipiro ao atadulidwa. Kumudzi ena akali kunena kuti mwana wapeza thandizo la Boma, osadziwa kuti thandizolo n'lobweza.

Nkhongole imeneyi imayenda motere. Bungwe limalipirira wophunzira ndalama za sukulu, zonse kapena gawo lake, pamodzi ndi za malo ogona ndi mabuku. Ndalama ya cakudya inacotsedwa mu 2019 ndipo inabwezedwa mu 2023. Ophunzira anakondwera nayo, koma nayonso imalowa m'buku la nkhongole. Munthu akatsiriza maphunziro amapatsidwa caka cimodzi copumira, kenaka ayenera kubweza m'zaka zosapitirira 10. Womulemba nchito ali ndi udindo wodula ndalamayo pa malipiro ndi kuitumiza ku bungwe. Ciwongoladzanja cinali K15 pa K100 iliyonse pa caka, ndipo kuyambira mu Januwale 2024 cinatsitsidwa kufika pa K10.

Manambalawa amamveka bwino akaikidwa m'citsanzo. Ngati wophunzira watsiriza zaka zake zinai ali ndi nkhongole ya K100,000, ndipo abweza mofanana mwezi uliwonse kwa zaka 10 pa ciwongoladzanja ca K10 pa K100, mwezi uliwonse adzapereka pafupifupi K1,320. Pakutha pa zaka khumizo adzakhala atapereka pafupifupi K158,600. Pa ciwongoladzanja cakale cija akanapereka K1,600 ndi kupitirira pa mwezi, ndipo zonse pamodzi zikanafika pafupifupi K193,600. Kutsitsako kunathandiza ndithu, komabe katundu akali wolemera. Mu 2025 bungwe la Food Reserve Agency linagula thumba la cimanga la makilogiramu 50 pa K340. Pa mtengo umenewo K100,000 ndi matumba 294, ndipo K158,600 ndi matumba 466. Mwezi uliwonse mwana adzakhala ngati apereka matumba pafupifupi anai, dzinja ndi cilimwe comwe, kwa zaka khumi. Mlimi aliyense adziwa munda umene ungatulutse zotere.

Mbali ina ya sikelo ndiyo malipiro, ndipo apa mpofunika kudekha. Anthu amamva ndalama imene yalembedwa pa kalata ya nchito, naiwala kuti yofika m'thumba ndi ina. Malinga ndi misonkho ya mu 2024, K5,100 yoyamba pa mwezi inalibe msonkho, ndipo yopitirira pamenepo inali kudulidwa mokwerakwera. Kuonjezera apo, K5 pa K100 iliyonse imapita ku NAPSA kukasungidwa kaamba ka ukalamba, ndipo K1 imapita ku NHIMA kaamba ka cipatala.

Motero mnyamata amene walembedwa nchito ya K6,000 pa mwezi amatsala ndi pafupifupi K5,460. Akacotsa K1,320 ya nkhongole amatsala ndi K4,140. Pa ndalama imeneyo alipire cipinda ku Chawama, minibasi ya m'mawa ndi madzulo, unga, makala, madzi, malaiti ndi zobvala zoyenera mu ofesi, ndipo kumudzi adikira feteleza. Mnzake amene wapeza nchito ya K12,000 amatsala ndi pafupifupi K9,200, ndipo akabweza nkhongole amakhala ndi pafupifupi K7,900. Uyu angathe kupuma, ngakhale sanalemere. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene limawerengera mtengo wa zofunika pa moyo mwezi ndi mwezi, linapeza kuti mu 2024 banja la anthu asanu mu Lusaka linali kufunika ndalama zoposa K10,000 pa mwezi. Tsono ngakhale wa K12,000 uja, akakwatira ndi kubereka, adzaona kuti thumba lake n'locepa.

Palinso wacitatu, amene m'makomboni sasowa. Iye ali ndi digiri m'sutukesi, koma nchito yolembedwa sanaipeze. Amapezeka m'kabokosi kotumiziramo ndalama pa foni ku George, kapena athandiza pa sitolo ya munthu ku Kamwala, kapena agulitsa salaula pa msika wa Soweto. Nchito zimenezi n'zaulemu ndipo zimadyetsa mabanja, koma sizinafune zaka zinai za ku yunivesiti. Malipiro ocepetsetsa amene lamulo linaika kuyambira mu Januwale 2024 kwa anchito wamba anali pafupifupi K2,300 pa mwezi. Kwa munthu wolandira zotere, K1,320 ndi yoposa theka la malipiro ake. Ndipo nkhongole siifafanizika cifukwa cakuti mwini wake sanapeze nchito. Imamudikira.

Cifukwa ninji digiri ya zamalonda ifunika kuyesedwa mosamala kuposa zina? Coyamba, ndi digiri yosabvuta kuiphunzitsa. Sukulu ya udokotala ifuna cipatala, ya uinjiniya ifuna makina, koma ya zamalonda ifuna cipinda, bolodi ndi mphunzitsi. N'cifukwa cake, pambali pa Yunivesiti ya Copperbelt ku Kitwe imene inaima payokha mu 1987 ndipo inadziwika ndi sukulu yake ya zamalonda, ndi Yunivesiti ya Mulungushi ku Kabwe imene inayamba mu 2008, makoleji ambiri osakhala a Boma mu Lusaka amaphunzitsanso zomwezo. Tomato akaculuka pa msika mtengo wake umatsika, ndipo mapepala a sukulu nawonso amatero. Caciwiri, Boma likamalemba anthu ambiri nthawi imodzi limayamba ndi kumene kuli kusowa. Mu 2022 linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000. Wa zamalonda kawirikawiri amayembekeza mabanki, makampani a mafoni, masitolo akuluakulu ndi mabungwe, kumene malo amodzi amalimbaniridwa ndi anthu ambiri. Cacitatu, anthu ambiri ogwira nchito m'dziko lino sali pa nchito zolembedwa. Ali m'minda, m'misika ndi m'tumasitolo tao. Nchito za pepala la malipiro n'zocepa poyerekeza ndi ozifuna.

Komatu nkhongole ya HELSB, ngakhale ndi yolemera, si ndiyo yoopsa koposa. Ili ndi ciwongoladzanja codziwika, nthawi yake n'njaitali, ndipo siilanda munda. Yoopsa ndi nkhongole yaciwiri, imene siilembedwa m'buku lililonse. Mwana akalephera kupeza thandizo la bungwe, kapena akapatsidwa theka cabe, kapena akalowa koleji yosakhala ya Boma, ndalama yotsalayo imacokera kumudzi ndi kukomboni. Caka coyamba amagulitsa mbuzi ndi nshawa. Caka caciwiri amagulitsa ng'ombe imodzi yolimira, ndipo yotsalayo singakoke pulawo yokha. Munda umacepa, zokolola zimatsika, ndipo caka cacitatu ndalama imasoweratu. Pamenepo azakhali a ku Matero amatenga ndalama yao ya cilimba imene anafuna kuonjezera pa malonda ao, kapena amalume amapita kwa munthu wa kaloba, kumene wobwereka K100 kawirikawiri amabweza K150 pakutha pa mwezi. Nkhongole ya zaka zinai siingalipiridwe ndi ndalama ya mwezi umodzi. Amene ayesa kutero amataya wailesi, firiji, nthawi zina ndi mapepala a nyumba.

Cilala ca mu 2024, cimene Mtsogoleri Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinaonetsa poyera kuopsa kwa kudalira munda wokha. Banja limene linawerengera kuti cimanga cidzalipira sukulu linapezeka lilibe ngakhale ca m'nkhokwe. Wophunzira wosiyira pa njira ndiye womvetsa cisoni koposa onse, pakuti ndalama zapita, nkhongole ilipo, koma pepala palibe.

Acibale a m'makomboni nawonso ayenera kuganiziridwa. Kumudzi anthu amayesa kuti wokhala ku Lusaka ali ndi malo ndi ndalama. Zoona zake n'zakuti ambiri amakhala m'zipinda ziwiri za lendi pamodzi ndi ana ao, amagula madzi pa ndowa, ndipo mvula ikagwa ku Kanyama madzi amalowa m'nyumba. Kolera ya mu 2017 mpaka 2018, ndi ya mu 2023 mpaka 2024, inakantha kwambiri madera otere. Mwana wa ku yunivesiti akaonjezeka pa banja lotere, mbale ya nsima imagawidwanso. Kucokera ku Kanyama, George kapena Matero kukafika ku yunivesiti pa mseu wa Great East pafunika minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera. Akafuna kukhala pafupi, ku Kalingalinga kapena ku Mtendere, alipire bedi m'nyumba zogonamo ophunzira, popeza malo ogona pa yunivesiti sakwanira onse. Amalume sangakane mwana wa mlongo wao, cifukwa mwambo suwalola. Koma kusakana kwao sikutanthauza kuti akwanitsa. Ubale wambiri wasweka pa nkhani imene ikanakambidwa poyera paciyambi.

Zonsezi sizitanthauza kuti mwana wa mlimi aleke kulakalaka yunivesiti. Dziko lifunika anthu odziwa kusunga mabuku a ndalama, kuyendetsa makampani ndi kupeza misika, ndipo anthu otere asacokere m'mayadi mokha. Makopaletivu ambiri a kumidzi anagwa cifukwa cosowa munthu wodziwa kuwerengera. Alipo ana a alimi amene digiri imeneyi inawakweza, namangira makolo ao nyumba za malata ndi kuphunzitsa abale ao. Kwa munthu amene wapeza nchito yokhazikika, nkhongole imatha pa zaka khumi koma maphunziro amakhala naye moyo wonse, ndipo malipiro ake amakwera m'kupita kwa zaka. Mfundo ndi yakuti phindulo silibwera kwa aliyense mofanana, ndipo pali zinthu zimene zimapendeketsa sikelo.

Cinthu coyamba ndi sukulu. Banja lifunse ngati kolejiyo inalembedwa ndi bungwe la Higher Education Authority, ndiponso ngati maphunziro amene mwana afuna anabvomerezedwa. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Cikwangwani cokongola ndi cilengezo ca pa wailesi sizipatsa pepala mphamvu. Caciwiri ndi nthambi ya maphunziro. Mau akuti zamalonda ndi otakata. Wophunzira kuwerengera ndalama, amene pambuyo pake alembedwa m'kaundula wa Zambia Institute of Chartered Accountants, ali ndi luso limene wolemba nchito angalichule dzina, ndipo lamulo silimalola munthu wosalembedwa m'kaundulamo kugwira nchito ya akauntanti. Amene anaphunzira pang'ono pa ciliconse amabvutika kunena cimene adziwa kucita. Cacitatu ndi kumene ndalama idzacokera zaka zonse zinai, osati caka coyamba cokha. Ngati yankho lake ndi ng'ombe zolimira kapena kaloba, ndiye kuti yankho silinapezeke.

Njira zina ziliponso, ndipo sizocititsa manyazi. Mwana angayambe ndi dipuloma pa koleji ya Evelyn Hone kapena sukulu ina yotere, nalowa nchito, nadzatsiriza digiri madzulo kapena mwa maphunziro akutali ndi ndalama yake. Njirayi ndi yaitali, koma siigulitsa khola. Kuyambira mu 2022, pamene ndalama ya citukuko ya dera lililonse la phungu, yochedwa CDF, inakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, gawo lake limalipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja m'masukulu a pansi pa TEVETA, ndipo thandizo limeneli si nkhongole. Wamagetsi, womanga, wokonza mapampu kapena makaniki amayamba kupeza ndalama msanga, ndipo akafuna kukulitsa nchito yake angaphunzire zamalonda pambuyo pake, ali kale ndi malonda oti ayendetse. Mafomu ake amapezeka kudzera m'makomiti a citukuko a m'mawadi ndi ku khonsolo. Safunsa anadya phula.

Akuluakulu a maphunziro nawo ali ndi mbali yao. Banja silingayese bwino ngati mbali imodzi ya sikelo ndi yobisika. Yunivesiti ndi koleji iliyonse iyenera kulondola ophunzira ake akale ndi kulengeza poyera kuti mwa amene anatsiriza, ndi angati anapeza nchito m'caka cimodzi kapena ziwiri, ndipo alandira zingati. Sukulu yophunzitsa zamalonda siyenera kucita mantha ndi manambala. Bungwe la HELSB nalonso lifotokoze za nkhongoleyi m'Cinyanja ndi m'zilankhulo zina, pa mawailesi a m'madera ndi m'masukulu a sekondale a kumidzi, kuti kholo limve lokha kuti ndalamayo n'njobweza ndi kuti idzakula motani. Wophunzira aliyense azipatsidwa pepala caka ndi caka losonyeza pamene nkhongole yake yafika. Aphunzitsi olangiza ana za nchito azikamba za ndalama mosabisa, pakuti mwana wa zaka 18 amene sanagwirepo K1,000 sangamvetse yekha kulemera kwa K100,000.

Kwa amene anatsiriza kale ndipo ali pa nchito, kaya yolembedwa kaya yao, udindo ndi woonekeratu. Ndalama imene iwo abweza ndiyo imene idzaphunzitsa mwana wina wa ku Vubwi kapena ku Chama. Wobisala kuti asabweze salanga Boma. Amatsekera khomo mng'ono wake. Walira mvula walira matope: amene analandira thandizo alandirenso udindo wake.

Tsono banja limene mwana wake wakhoza caka cino licite cinthu cimodzi mwanayo asanakwere basi ya ku Lusaka. Likhale pansi, atate, amai, amalume ndi mwana yemwe, ndipo wacibale wa kukomboni aimbiridwe foni kuti anene zoona za lendi, minibasi ndi cakudya. Atenge kope ndi pensulo. Tsamba lina alembe ndalama zonse za zaka zinai ndi kumene iliyonse idzacokera. Tsamba linalo alembe malipiro amene anthu otsiriza maphunziro omwewo alandira, atafunsa eni ake awiri kapena atatu, osaiwala amene sanapeze nchito. Ngati masamba awiriwo agwirizana, mwana apite ndi madalitso a onse, ndipo akaphunzire molimbika podziwa mtengo wake. Ngati sagwirizana, banja lifune njira ina ng'ombe zikali m'khola. Mwana wofuna kuphunzira zamalonda sangakhale ndi phunziro loyamba loposa limeneli.